A Tatayi a ku Chigayo cha ku Cannington

Cora, nesi mnzanga, ndiye anandiuza, tili pantchito, ine ndikukankha kangolo ka mankhwala. Anangoti, "Bambo atisiya dzulo," n'kulowa m'chipinda cha wodwala wake. Ine ndinapitiriza kugawa mankhwala, chifukwa odwala sadikira kuti nesi amalize kumva chisoni. Nditaweruka ndinaimbira Mayi Mbewe, Mmalawi mnzanga wokhala ku Armadale. Atamva anati, "Ndiye kuti madala aja afera kwa eni."

Ndinawakumbutsa kuti afera ku America, kumene anakhala zaka zochuluka kuposa kwina kulikonse, kumenenso kuli manda a akazi awo.

"Ndamva, amake Tadala," anatero. "Ndati afera kwa eni."

Mayi Mbewe si munthu woti ungalimbane naye pa mawu, ndipo tsiku limenelo sindinafune n'komwe kuyesa.

Dzina la bambo ake a Cora linali Alfonso, koma palibe amene ankalitchula. Anthu a ku Philippines ankati Tatay, kutanthauza bambo. Ife Amalawi, makutu athu atamva chinthu chofanana ndi "atate", tinangoikapo ulemu wathu kutsogolo n'kumati a Tatayi. Anabadwira kumpoto kwa Philippines, kumudzi wa alimi a fodya ndi adyo. Anapita ku California ndevu zikungoyamba, n'kugwira ntchito yopereka makalata khomo ndi khomo mpaka mawondo anakana. Kuno ku Perth anabwera kudzaona mdzukulu wobadwa kumene, mwana wa Cora, atanyamula kasutikesi ka munthu wodzacheza. Mliri wa korona unawapeza kuno. Malire anatsekedwa, ndipo ngakhale iwo monga mlendo akanatha kutuluka, Cora ndi mchimwene wake wa ku America anagwirizana kuti nkhalamba ya mtima wofooka isapite kumene anthu ankafa ngati nkhuku za chitopa. Kuno matendawo anali asanalowerere. Cora, podziwa bwino bambo ake, anatsekera pasipoti yawo mu kabati yake ya kuntchito.

Malo amene tinawadziwira si oti munthu angadzitame nawo. Ndi kochapira zovala. Ku Cannington, konkuno ku Perth, ukachoka pa siteshoni ya sitima n'kusiya masitolo akuluakulu aja kumbuyo, pali kamzere ka timashopu takale. Pali wometa tsitsi, pali kagolosale ka zakudya za ku Asia, ndiyeno chipinda chachitali chodzaza makina ochapira ndi oumitsira. Nthawi ya mliri ambiri a ife ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba tinkaopa kuchapa mayunifolomu pamodzi ndi zovala za ana, choncho tinkawaunjika m'matumba n'kupita nawo kumeneko, kumene kunali makina a madzi otentha kwambiri. Amene anayamba kupatchula kuti ku chigayo ndi Mayi Mbewe. Anati palibe kusiyana: ufika ndi thumba, upeza mzere, makina akulira, amayi akudya miseche podikira. Dzinalo linakakamira, moti ngakhale manesi a ku Philippines ankati akupita ku "tsigayo".

Kunja kwa khomo, pansi pa kadenga ka malata, panali benchi yamatabwa. Cora anapita nawo kumeneko Loweruka lina chifukwa m'nyumba anali atamutopetsa, kutsegula ndi kutseka firiji, kufunsa nthawi, kudzutsa khanda. Ataona anthu atakhala opanda chochita, akungodikira makina, anauza Cora kuti azipita, iwo abwera okha. Kuyambira pamenepo ankabwera wapansi m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, malaya atasita, kapusi kumutu, fulasiki ya khofi kukhwapa ndi kathumba ka timabanzi ta kwawo m'manja. Zochapa analibe. Ankangofika n'kukhala chakumanja kwa benchi, ngati munthu amene walembedwa ntchito.

Ndipo tsiku lililonse ankatiuza kuti akupita. Ndege yoyamba imene Cora adzalole, iwo adzakhala ali momwemo. Poyamba tinkaganiza kuti akusowa nyumba yawo kapena adzukulu a kumeneko, koma ayi. Ku California kunali kashopu kophika buledi ka mayi wina wa kwawo, pafupi ndi ogulitsa matayala. M'katimo munali tebulo lapakona limene madala a ku Philippines opuma pantchito ankakhalapo m'mawa uliwonse, kukangana za ndale za dziko limene anachokako kalekale, za nkhonya, ndi za amene shuga wamukwera kwambiri. A Tatayi akamati kwathu sankanena mudzi wa fodya uja. Ankanena tebulo limenelo. Anali ndi chithunzi mu foni chimene anzawo anawatumizira, cha mpando wawo atautsamiritsa patebulo kuti wina asakhalepo, ndipo palibe amene anachapapo ku chigayo osachiona chithunzicho. Pambali pa mpandowo pankaoneka bambo wamfupi, wadazi, akuseka ndi kamwa yonse. Ameneyo anali a Berting, mnzawo wapamtima, amene anapita nawo ku America m'chaka chimodzimodzi.

Ankakonda kunena kuti iwo ali ndi mayiko awiri, koma palibe limene linawafunsapo kuti adzuka bwanji. Kwanu, ankatero, ndi pamene ukapanda kuoneka m'mawa wina, munthu amaimba foni kufuna kudziwa ngati ukupuma. Mayi Mbewe ankawayankha kuti ngati ndi choncho ndiye kuti kwawo kwa iwo ndi kuntchito, chifukwa bwana wa mashifiti ndi yekhayo amene amawaimbira akapanda kuoneka.

Anthu awiriwa anadziwana pa mkangano, ndipo ine ndinalipo. Mayi Mbewe anali atangoweruka ku nyumba ya okalamba, kumene ina mwa ntchito zawo inali kutolera mano oikirira a nkhalamba, kuwatsuka ndi kuwaviika m'makapu. Tinali titaima pakhomo kudikira makina, bambo wachilendoyu atakhala pabenchi. Kunabwera kanesi kena ka ku Philippines, katsikana kaulemu, kanawerama pamaso pawo, n'kutambasula dzanja ngati kakupempha kanthu, n'kunena kuti, "Mano po."

Mayi Mbewe anaphulika nako kuseka. "Iii, abale inu! Nakunonso akutolera mano? Mwanayu akuti madala apereke mano apo!"

Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani. Kamtsikana kaja kanatenga dzanja la bambowo n'kuligunditsa pamphumi pake, kenako kanalowa m'kati kakuyang'ana pansi. Bambo aja anaimirira. Sanali wamtali, koma anaimirira mpaka anatalika. Anatiyankhula m'Chingerezi cha ku America chotulukira m'mphuno, osakweza mawu. Anati anthu awaseka pamakomo ambiri, chifukwa cha kayankhulidwe, chifukwa cha fungo la chakudya chimene ankanyamula, ndipo ankangokhala chete poteteza ntchito. Tsopano ntchito alibe, ndiye aliyense woseka mwambo wa makolo awo anene bwinobwino chimene chamuseketsa.

Mayi Mbewe sadzudzulidwa ali chikhalire. Anagwira m'chiuno, n'kuyamba kuyankha m'Chichewa chokhachokha. Ine ndinalowa pakati, ndikugogoda mano anga ndi chala ngati wamisala, ndikufotokoza kuti m'chiyankhulo chathu mano ndi awa otafunirawa, ndipo mayiwa agona akutsuka mano a eni. Bambo aja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, nkhope ili gwa, anakankha mano awo akumtunda ndi lilime, nawalandira m'manja, n'kuwapereka kwa Mayi Mbewe ndi manja awiri. Mayi Mbewe anagwera pabenchi, misozi ili chuchuchu. Cora anatulukira m'kati akukalipa, botolo la sanitayiza lili m'manja.

Tsiku lomwelo anatifotokozera mwambowo. Kwawo mwana akakumana ndi wamkulu amapempha dzanja, ndiye mawu akuti "mano po" aja, n'kuika kuseri kwa dzanjalo pamphumi pake kuti alandire dalitso. Mayi Mbewe anavomera kuti zimenezo n'zomveka, popeza nafenso munthu wamwayi timati ali ndi mphumi. Chimene sanatiuze tsiku limenelo, koma tinachiona tokha m'kupita kwa nthawi, n'chakuti ku America dzanja lawo linali litaiwalika. Adzukulu a kumeneko ankangowakweza chibwano podutsa. Patebulo paja onse anali nkhalamba, panalibe wopempha dzanja la mnzake. Koma ku chigayo kunkabwera atsikana ndi amayi a ku Philippines amene makolo awo anali kutsidya la malire otsekedwa, ena asanaone kwawo chiyambire mliri. Ankafika atatopa, maso ali psuu, n'kuyamba awerama pabenchi asanalowetse thumba m'kati. Ena ankachedwa kulisiya dzanjalo. Bambo aja ankawafunsa mudzi wa aliyense, dzina la mayi ake, ngati wadya, ndipo sankaiwala. Mutu wa munthu wopereka makalata unali udakalipo.

Nafenso sanatisiye. Ukanena kuti ndiwe wa ku Malawi ankati limenelo ndi dziko, iwo akufunsa kwanu. Ine ankandidziwa kuti ndine wa ku Mitundu, Mayi Mbewe wa ku Ntcheu, ndipo mayinawo ankawatchula molakwika koma osawasokoneza. Mmalawi watsopano akafika ku chigayo, iwo ndi amene ankamuuza kuti Lachinayi kumabwera mnzake wa boma lomwelo.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, chifukwa sanali. Anali ndi makani a bulu. Akamakangana ndi anthu a ku Philippines ankasanduka Mmereka, n'kumawauza kuti sanaone dziko. Akamakangana ndi mzungu wa kuno ankabwerera kukhala wa ku Philippines. Chilichonse cha ku Perth chinali cholakwika: magalimoto amayenda mbali yolakwika, khofi ndi wochepa m'kapu, masitolo amatseka dzuwa likadali pamutu, akhwangwala amalira ngati munthu wodwala m'mimba. Anali ndi chizolowezi china chimene chinatsala pang'ono kubweretsa nkhondo. Makina oumitsira akaima mwini wake palibe, iwo ankatulutsa zovala n'kuzipinda bwinobwino. Anzathu a ku Philippines ankathokoza. Koma tsiku limene Mayi Mbewe anabwera kuchokera ku golosale n'kupeza zovala zawo zam'kati zitasanjidwa mwadongosolo pamwamba pa dengu, chigayo chonse chinamva.

"Mwamuna wa eni! Msinkhu wa bambo anga! Kugwira zimenezi?" Anatembenukira kwa ine. "Amake Tadala, auzeni m'Chingerezi chabwino kuti ngakhale malemu amuna anga sanazionepo padzuwa."

A Tatayi anayankha kuti anapindira akazi awo zovala zaka zonse za matenda awo ndipo kumwamba sikunagwe. Sanapepese. Koma kuyambira pamenepo dengu la Mmalawi ankangolilondera, osaligwira.

Nkhondo ina inali ya ndiwo. Kuseri kwa chigayo, pamene paipi inkadontha, iwo anabzala mbatata mumchenga uja, osati chifukwa cha mbatatayo koma masamba. Titaona tinakuwa kuti kholowa, iwo n'kudabwa kuti kuli anthu enanso padziko amene amadziwa kuti masamba amenewo ndi ndiwo. Chimwemwe chinatha titafika pa kaphikidwe. Iwo ankangowafutsa pang'ono n'kuthira msuzi wa nsomba wonunkha uja. Mayi Mbewe anawabweretsera kholowa wotendera, ndipo a Tatayi analawa n'kunena kuti masambawo anafa imfa yowawa. Mbale anaibweza ili mbee.

Zinthu zinasintha pamene matenda anayamba kudumphira m'tauni apo ndi apo, boma n'kumalamula m'bindikiro wa masiku ochepa, kenako zophimba kukamwa. Cora anaika lamulo lake: bambo akhoza kupita ku benchi, popeza ndi panja, koma palibe wogwira dzanja lawo. Cora ndi nesi wamkulu, ndipo atsikana aja ankamuopa kuposa matendawo. Ankafika, n'kuima patali, n'kuwerama pang'ono, n'kulowa. A Tatayi ankakhala manja ali pamawondo, akuwayang'ana. Tsiku lina anakangana ndi Cora pomwepo m'chiyankhulo chawo, ndipo mnzathu wina anatimasulira pambuyo pake. Iwo anati wawasandutsa duwa la mumphika, lothiriridwa n'kuikidwa padzuwa. Cora anati anzake amene anaphunzira nawo unesi aikidwa m'manda ku America ndi ku England, ndipo iye sanabise pasipoti kuti bambo ake adzafere pa benchi ya kochapira. Onse awiri ankanena zoona, n'chifukwa chake mkanganowo unali wowawa kuumva.

Nthawi yomweyo tebulo la ku California linali likutha. Uthenga unkabwera pa foni, lero uyu wagonekedwa, mawa uja wapita. A Tatayi ankatulutsa chithunzi chija n'kutilozera amene wachoka, mawu ali bwinobwino ngati akuwerenga adiresi. Za ndege anapitiriza kunena, mwinanso mowirikiza. Ankati a Berting akadalipo, ndipo anthu awiri akwana kusunga tebulo.

Za a Berting tinamva kwa Cora, Lachisanu, pantchito. Anati mwambo wa maliro bambo ake anauonera pa foni, atakhala pamphepete pa bedi, chithunzi chikudukaduka, ndipo utatha anafunsa ngati kuli shuga m'nyumba. Sanalire, sanadye. Ndinauza Mayi Mbewe, iwo n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye maliro akhalira kuti?" Ndinati palibe maliro, munthuyo waikidwa kale kutsidya la nyanja, komanso si m'bale wawo, ndi mnzawo chabe. Anandiyang'ana ngati ndayankhula zachibwana. "Mawa mutenge chitenje," anatero.

Loweruka m'mawa tinawapeza ali pamalo pawo, malaya ositasita, fulasiki yosatsegula. Cora anali ataima pakhomo. Atsikana a ku Philippines anali ataunjikana chapatali, osadziwa chochita ndi manja awo. Ife tinalipo Amalawi angapo, ndi mayi mmodzi wa ku Chipata. Mayi Mbewe sanapereke moni. Anamanga chitenje, anavula nsapato, n'kukhala pansi pasimenti, kutsogolo kwa benchi koma motalikira monga mwa lamulo, miyendo atatambalala, mutu atazolika. Tonse tinachita chimodzimodzi. M'kati makina ankangozungulira.

Wometa tsitsi anasuzumira pakhomo pake. Mzungu wina wodutsa ndi galu anafunsa ngati tili bwino, kapena ngati aitane ambulansi. Kenako anapitiriza ulendo wake. Patapita nthawi a Tatayi anandifunsa chapansipansi kuti tikuchita chiyani.

"Takhala pamaliro a a Berting," ndinatero.

"Koma simunawadziwe."

Mayi Mbewe anayankha osadzutsa mutu, m'Chingerezi chawo chodukaduka chija. "Tikudziwa inu."

Atsikana aja anayang'anana, kenako mmodzi anakhala pansi, wina n'kutsatira, mpaka khonde lonse la timashopu linadzaza anthu okhala pasimenti ndi matumba a zochapa. Mayi wa ku Chipata anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, ife n'kupolokoza. Titamaliza, iwo a ku Philippines anayamba mapemphero awo a korona ya Maria. Pamenepo ndi pamene a Tatayi analira. Analira mokweza, kamwa ili yasa kuseri kwa chophimba chija, mapewa akugwedezeka, ngati mwana amene watayika pamsika. Ine ndaona imfa zambiri pantchito ndipo ndinaphunzira kuuma mtima, koma tsiku limenelo ndinalira mpaka chitenje chinanyowa.

Atatonthola anatambasula dzanja lawo lamanja kutsogolo, osaloza aliyense. Linangokhala m'malere. Atsikana onse anayang'ana Cora. Amene anadzuka ndi Mayi Mbewe. Anayenda chogwada, munthu wa mawondo otupa, nafika pabenchi, natenga dzanjalo ndi manja awiri. Anati, "Mano po," bwinobwino, osaseka, n'kuliika pamphumi pawo. Cora anayang'ana kumbali, ku msewu. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa botolo lake la sanitayiza lija, n'kuima pambali pa bambo ake. Aliyense wobwera ankayamba watambasula manja kwa Cora, kenako n'kupita kwa a Tatayi. Womaliza anali Cora mwini.

Kuchokera tsiku limenelo sindinawamvenso akutchula ndege. Chithunzi chija anasiya kutionetsa. Anayamba kudandaula za zinthu za munthu wokhala, monga kuti denga la benchi likudontha ndipo mwini chigayo auzidwe, kapena kuti chaka chamawa mbatata adzaibzale chakumpanda. Magalimoto anapitiriza kuyenda mbali yolakwika, koma ankanena mosapsa mtima.

Ndiye malire anatsegulidwa. Ife tinasangalala, tinayamba kufunsa mitengo ya matikiti a ku Lilongwe. Kwa a Tatayi kutsegulidwako kunatanthauza kuti chifukwa chowawonjezerera viza ya mlendo chatha. Cora anayesa njira zonse, koma mzere wa makolo ofuna kukhala ndi ana awo kuno ndi wautali kuposa zaka zimene zinawatsalira. Anatulutsa pasipoti ija mu kabati n'kukawapatsa, iwo n'kumuuza kuti aibweze kumene inali. Munthu amene anatisokosa nthawi yonse ija kuti akupita anayamba kupeza zifukwa. Mano akufunika dokotala wa kuno. Mdzukulu sanayambe kuyankhula bwino. Kukubwera kanesi katsopano kochokera kufupi ndi kwawo, ndani akalandire? Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wanzeru chotero akunama mabodza a mwana wokana sukulu.

Phwando lotsanzikana analikana. Loweruka lomaliza anabwera monga mwa masiku onse, anagawa timabanzi, anakangana ndi Mayi Mbewe za mchere, anapereka dzanja kwa aliyense wolipempha. Dzuwa litafika pamutu anatseka fulasiki, naimirira, n'kunena kuti tionana. Anapita wapansi, osacheuka.

Ku California anakakhala kwa mwana wawo wamwamuna, m'dera la nyumba zatsopano kumene munthu sungapite kulikonse popanda galimoto. Kashopu ka buledi kaja anakapeza katasanduka kogulitsa mafoni. Ankatiimbira Loweruka m'mawa, kwawoko kuli Lachisanu madzulo, ndipo ife tinkaimika foni pabenchi, kuitsamiritsa ku paketi ya sopo. Sankayankhula zambiri. Ankafuna kuona amene akulowa, n'kumafunsa za amene sanaoneke. Koma mantha a matenda anali akutha, ndipo anthu anabwerera kuchapira kunyumba. Atsikana ena anasamukira ku zipatala za kutali, ena anapita kwawo kukaona makolo awo enieni. Loweruka lina anaimba tilipo awiri okha, ine ndi Mayi Mbewe. Atafunsa za enawo, Mayi Mbewe anati ali m'kati, akupinda zovala. A Tatayi anamwetulira n'kunena kuti anagwira ntchito ya pamakomo moyo wawo wonse, ndipo nyumba yopanda anthu amaidziwa asanagogode. Anaimbanso kangapo, kenako anasiya. Cora akuti masiku omaliza ankakhala pampando m'galaja, chitseko chili chotsegula, akuyang'ana msewu umene sipadutsa munthu wapansi.

Sabata yatha ndinapitako ku chigayo, ndi bulangete limene silikwana m'makina a kunyumba. Wometa tsitsi anasamuka, pawindo pake pamatidwa mapepala. M'kati munali mnyamata mmodzi wa zomangamanga, atatseka makutu ndi nyimbo, akuyang'ana foni. Makina ambiri anali chete, zitseko zili pululu. Pakhoma aikapo chikwangwani chatsopano chopempha anthu kuti asasiye zovala zawo popanda woziyang'anira.

Pabenchi panali Cora. Cora ali ndi makina abwino kunyumba kwake, ochapa ndi kuumitsa omwe, ndipo tsiku limenelo sanali pa shifiti. Anakhala kumapeto, chakumanzere, dengu lopanda kanthu lili pamiyendo. Ndinaika bulangete langa m'makina, ndinatuluka, ndipo popeza malo otsala pabenchi anali amodzi okha, achakumanja aja a a Tatayi, ndinayala thumba langa pasimenti n'kukhala pansi. Sanandifunse chifukwa chake. Kudzera pagalasi ndinkaona makina ake oumitsira, muli timatawulo tiwiri tokha, ataima kalekale.

"Zauma," ndinamuuza.

"Ndikudziwa," anatero Cora, koma sanadzuke.